Kagalu ka pakhomo nakonso kamafuna kuleredwa

Anthu akamacheza za kumene anakulira, nkhani ya galu wa pakhomo sichedwa kutulukira. Bambo wa imvi zake, amene anaiwala kalekale dzina la mphunzitsi wake wa sitandade 2, amatchula bwinobwino dzina la galu wa kwawo, mtundu wa ubweya wake, ngakhalenso khutu limene linali logwa. Kawirikawiri amene amamukumbuka si galu wamkulu uja ankauwa akuba usiku. Amakumbuka kagalu, tsiku limene kanabwera ndi amalume panjinga kakunjenjemera m'katoni, ndi usiku woyamba umene kanalira mpaka mbandakucha kufuna make, ana n'kukalowetsa m'nyumba mobisa makolo atagona.

Ambiri amene anakulira kumudzi anaziona zonse kuchokera pachiyambi. Galu wamkazi amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63. Akatsala pang'ono kuswa amafukula kadzenje pansi pa nkhokwe, kapena kuseri kwa khitchini kumene kuli kofunda, ndipo oyamba kudziwa kuti waswa amakhala ana. Amamva kulira kwapansipansi, n'kugona chafufumimba m'fumbi kusuzumira mumdimamo, kukangana ngati tilipo tisanu kapena tisanu ndi kamodzi. Tiagalu timabadwa tosaona, makutu ali otseka, ndipo timagona mounjikana chifukwa matupi ake sanayambe kudzisungira kutentha. Maso amatseguka pakati pa masiku 10 ndi 14. Mwana amene waona koyamba kadiso katang'ambika amathamanga kukauza pakhomo ponse, mpaka agogo amasiya kupeta kuti akaone. Pofika sabata yachitatu tiagaluto timayamba kudzandira, kugwa chagada, kuyesa kuuwa ndi timawu tosamveka bwino. Kenaka mano a mkaka amamera, okwana 28, ndipo apa m'pamene silipasi ya amayi, tsache ndi ngodya ya mphasa zimayamba kuona zakuda. Kutafunaku si mwano. Nkhama zimayabwa, makamaka pakati pa miyezi 4 ndi 7 pamene mano a mkaka akuguluka kuti pamere mano 42 a galu wamkulu.

Ndiye pamabwera nkhani ya dzina. Ana amakonda Bruno, Tiger, Spoti, Jeki kapena Simba. Akuluakulu, makamaka kale, ankapereka dzina lokhala ndi uthenga, monga Asiyeni kapena Munenenji, kuti akamaitana galu madzulo mnansi wamiseche amve yekha.

Nkhani zimenezi n'zokoma, koma mukazimvetsera bwino muli chinthu chodetsa nkhawa: munthu wamkulu sapezekamo. Amene amabisira kagalu mbamu ya nsima, kukachotsa nkhupakupa m'makutu, kukafunditsa chiguduli usiku wozizira wa mwezi wa Juni, ndi mwana. Makolo ambiri amayamba kumuwerengera galu tsiku limene wayamba kuuwa mwamphamvu. Nthawi yonse ya ubwana wake amaiona ngati chibwana cha ana, chosayenera kutayirapo ndalama kapena maganizo. Uku n'kulakwitsa kwakukulu, chifukwa miyezi itatu yoyambayo ndi imene imaumba khalidwe la galu, ndipo ndi nthawi imenenso moyo wake, nthawi zina ndi wa mwana womusamalayo, umakhala pachiswe.

Akatswiri anazifufuza zimenezi kalekale. Ku Bar Harbor, m'chigawo cha Maine ku America, John Paul Scott ndi John Fuller anatha zaka zoposa khumi akulera ndi kuyang'anitsitsa tiagalu tambirimbiri ku Jackson Laboratory, ndipo zimene anapeza anazisindikiza m'buku mu 1965. Iwo anaonetsa kuti kuyambira sabata yachitatu kufika chakumasabata 12, kagalu kamakhala kokonzeka kuzolowera chilichonse chimene kakumana nacho. Mu 1961 akatswiri ena a pamalo omwewo anafalitsa zotsatira za kafukufuku wosavuta kumva. Anasiya tiagalu ndi amayi awo m'bwalo lalikulu lotchingidwa, mopanda munthu, n'kumatitulutsa pamisinkhu yosiyanasiyana kuti ticheze ndi anthu kwa sabata imodzi. Timene tinakumana ndi anthu tili ndi masabata 5 kufika 9 tinazolowera mosavuta. Timene tinafika masabata 14 tisanagwidwepo ndi munthu tinkathawa ndi mantha, ndipo kutiweta pambuyo pake kunali kovuta zedi.

Tsono mtsikana uja amabereka kagalu kumbuyo ndi chitenje pamasanje, kapena mnyamata uja amayenda nako kudambo ndi kuchigayo, akugwira ntchito yeniyeni ngakhale iye sakudziwa. Kagalu ka kumudzi kamakumana ndi dziko lonse m'masabata ochepa: njinga, mbuzi, alendo, ng'oma, khanda lokwawa. Kakathamangitsa anapiye, make wa anapiyewo amakajompha pamphuno kamodzi, ndipo phunzirolo silichoka mpaka kukalamba. N'chifukwa chake galu wa kumudzi amatha kugona pabwalo nkhuku zikumudutsa pamsana, koma fisi kapena munthu wachilendo akayandikira khola usiku amadzutsa mudzi wonse. Akuluakulu anati kuongola mtengo m'poyamba, ndipo pa galu anawo ndiwo akhala akuongola.

M'tauni zinthu zikuyenda mosiyana, ndipo zikuipiraipira. M'mphepete mwa misewu ya mu Lilongwe si zachilendo kuona anyamata atanyamula tiagalu m'mwamba, kuonetsa oyendetsa galimoto. Tambiri timakhala titalandidwa kwa make tisanasiye kuyamwa, titakhala padzuwa tsiku lonse popanda madzi. Wogula amatenga chifukwa cha chifundo kapena chifukwa mwana walirira m'galimoto, osadziwa kuti kagaluko kachokera kuti, make ali bwanji, kanalandirapo mankhwala kapena ayi. Madokotala a ziweto amalangiza kuti kagalu kakhale ndi make ndi abale ake mpaka masabata 8. M'masabata amenewo kamaphunzira zambiri, kuphatikizapo kuluma mosapweteka: kakaluma mnzake mwamphamvu, mnzakeyo amalira n'kusiya kusewera, ndipo kamadziwa malire. Aliyense wogula kagalu ka mwezi umodzi pamsewu akulimbikitsa wogulitsayo kukalanda tina mawa.

Kakafika kunyumba ya mpanda, nthawi zambiri kamatsekeredwa m'kakhola kamdima kapena kumangidwa pa tcheni, ndipo ana amaletsedwa kusewera nako. Maganizo ake ndi akuti galu wozolowera anthu sakhala wolusa. Ena amafika pomuthirira tsabola kapena chamba m'chakudya kuti akhale waukali, ena amadula mchira ndi makutu ndi chikwanje. Mantha a eni nyumba ndi omveka, pakuti umbava ulipo ndipo munthu amene anathyoleredwapo nyumba amafuna chitetezo. Koma zimene amapanga mwanjira imeneyi si mlonda. Amapanga galu wamantha, ndipo galu wamantha amaluma aliyense amene wamuyandikira. Ntchito ya galu wolondera ndi kusiyanitsa wa pakhomo ndi wachilendo, n'kuuwa kuti anthu adzuke. Galu amene sanadziwepo munthu aliyense angasiyanitse bwanji? Tsiku limene tcheni chaduka, woyamba kukumana naye si mbava ya usiku. Ndi mwana wa m'nyumba momwemo, wantchito, kapena mayi wogulitsa masamba amene wagogoda pageti.

Palinso tsankho limene lakula pakati pa galu wachizungu ndi wa lokolo. Munthu amatulutsa ndalama zambiri kugula German Shepherd, Boerboel kapena Rottweiler, n'kumugulira chakudya cha m'sitolo ndi kupita naye kwa dokotala. Wa lokolo amamutenga ulere, ndiye amamuona ngati wopanda mtengo, woyenera gaga wophika ndi mkute. Anthu ambiri amaganiza kuti galu wa lokolo ndi chisakanizo cha agalu a azungu amene anasochera. Mu 2009 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Adam Boyko wa ku yunivesite ya Cornell linayeza magazi a agalu 318 a m'midzi ku Egypt, Uganda ndi Namibia, ndipo linapeza kuti ambiri mwa iwo ndi mtundu wawowawo wa mu Africa, wosachokera kwa agalu obwera. Ku South Africa agalu otere anawapatsa dzina lakuti Africanis ndipo kuli bungwe lowateteza. Galu uja wa ubweya waufupi, wa miyendo yaitali ndi mchira wopindika, amene amatsagana ndi alenje ku uzimba ndi amayi kumunda, wakhala ndi anthu a kuno mibadwo yosawerengeka. Amapirira kutentha, sadya zambiri, ndipo amamva msanga. Sakuyenera kunyozedwa chifukwa choti sanagulidwe.

Koma kupirira kuli ndi malire, ndipo nkhani zambiri za tiagalu zimathera pachisoni. Kamimba kaja kali tototo kamene anthu amakumbuka moseka nthawi zambiri si kukhuta. Ndi njoka zam'mimba, zimene kagalu kamatengera kwa make kasanabadwe ndiponso kudzera mumkaka. Mazira a njokazi amatuluka ndi chimbudzi n'kukhala m'dothi limene ana amaseweramo, ndipo angathe kudwalitsanso anawo. Mankhwala ake si odula, ndipo amayenera kuyamba kagalu kali ndi masabata awiri, n'kumabwereza pakapita masabata awiri aliwonse mpaka katakula pang'ono. Palinso nthenda ya pavo, imene inatulukira padziko chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 n'kufalikira paliponse. Kagalu kamene dzulo kamathamanga kamangoti zyoli, kukana chakudya, kusanza, kutsegula m'mimba mwa magazi monunkha kwambiri, ndipo pamasiku ochepa kamatha. Pakhomo pamamveka kuti aneba athira poizoni wa tameki, anthu n'kudana mpaka kalekale. N'zoona kuti anthu oipa mtima amapha agalu ndi poizoni, koma tiagalu tambiri timene timafa motere timafa ndi nthenda imene katemera wake amayamba kuperekedwa pamasabata 6 kufika 8.

Za chakudya n'zachidule. Nsima yokha simukuza galu. Timitu ta usipa kapena bonya, soya wophika, dzira mwa apo ndi apo, ndi madzi oyera osasowa m'phale, zimasintha kagalu m'masabata ochepa. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri, ndipo mafupa a nkhuku ophika amasweka mosongoka n'kubaya. Galu woyamwitsa amafuna chakudya chochuluka kuposa masiku onse, koma ndi amene amaoneka nthiti zokhazokha m'midzi yambiri.

Nkhani yaikulu kuposa zonsezi ndi chiwewe. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati nthendayi imapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Africa ndi Asia, ndipo anthu 4 mwa 10 aliwonse amakhala ana osafika zaka 15. Pafupifupi onse amaitenga kwa galu. Kuno ku Malawi akatswiri amayerekeza kuti amafa ndi anthu pafupifupi 500 pachaka. Munthu akayamba kuonetsa zizindikiro, monga kuopa madzi, kubalalika ndi kutuluka dovu, palibe mankhwala omupulumutsa.

Mu 2007 madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, motsogozedwa ndi Macpherson Mallewa, anafalitsa zimene anapeza pa ana 133 amene anamwalira ndi matenda okhudza ubongo. Ana 14 anali atafa ndi chiwewe. Mwa ana 26 amene ankaganiziridwa kuti afa ndi malungo a mu ubongo, atatu anapezeka kuti chinali chiwewe. Izi zikusonyeza kuti nthendayi imabisala, ndipo mabanja ena anaika ana awo m'manda osadziwa chimene chinawapha.

Kagalu n'koopsa pankhani imeneyi mwanjira imene galu wamkulu saopsa. Galu wamkulu akaluma, bala limaoneka, mwana amakuwa, anthu amathamangira kuchipatala. Kagalu kakaluma pachala kapena kunyambita pachilonda, palibe amene amalabadira, pakuti kamaluma tsiku lililonse posewera. Mwana nayenso amabisa. Amaopa kukwapulidwa, ndipo koposa apo amaopa kuti bambo akamva akapha kagalu kake. Chikondi chomwe chija chimene chimapanga galu wabwino chimamutsekanso mwana pakamwa. Kholo limene silinakhalepo pansi kucheza ndi mwana za kagalu kake silingayembekezere kuti mwanayo adzabwera kudzaonetsa kabala kakang'ono.

Njira yothetsera chiwewe imadziwika. Agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akamalandira katemera chaka ndi chaka, nthendayi imasowa poyenda. Mzinda wa Blantyre unaonetsa kuti zimenezi n'zotheka kuno. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi nthambi ya boma yoona za ziweto, khonsolo ya mzindawo ndi bungwe loteteza nyama la BSPCA, linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 ogwira ntchito, ena pamalo oikika monga m'masukulu, ena khomo ndi khomo. Amene anaona mizere ya pamalo obayirapo amakumbuka kuti munali ana ambiri, ena atamanga galu ndi luzi, ena atamukumbatira pachifuwa. M'zaka zotsatira, chiwerengero cha ana ofika ku Queen Elizabeth ndi chiwewe chinatsika kwambiri.

Koma kafukufuku wina wa mumzinda womwewo, amene anatuluka mu 2018, anapeza mpata umene ukukhudza nkhani ino mwachindunji. Tiagalu, pamodzi ndi agalu a bere ndi oyamwitsa, ndi amene anthu ankawasiya kunyumba kawirikawiri pa tsiku la katemera. Kafukufukuyo anapezanso kuti agalu a m'madera osauka ankabwera nawo kwambiri kumalo obayirako kusiyana ndi a m'madera olemera, choncho nkhaniyi si ya umphawi. Ndi ya chikhulupiriro chakuti kagalu n'kakang'ono kwambiri, jakisoni angakaphe. Chikhulupirirochi chili ndi pochokera, chifukwa m'maiko amene mulibe chiwewe katemerayu amayamba pamiyezi itatu. Koma kumene nthendayi ili paliponse, WHO imalangiza kuti pa kampeni ya katemera abayidwe agalu onse, ngakhale tiagalu tosakwana miyezi itatu. Kafukufuku wa ku Tanzania ndi South Africa anaonetsa kuti tiagalu totere timalandira bwino katemerayu ndipo matupi ake amapanga chitetezo. Kampeni imabwera kamodzi pachaka. Kagalu kamene kasiyidwa lero kadzadikira miyezi 12, ndipo miyezi yonseyo kadzakhala kakugona ndi kusewera ndi ana.

Apa boma ndi makhonsolo ali ndi mbali yawo. Uthenga wa pawailesi, wa pachimkuzamawu ndi wa kwa mafumu uzinena momveka kuti tiagalu natonso tibwere. Alangizi a ziweto ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa madera awo, ndipo ambiri amathera nthawi pa ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku, zimene zimabweretsa ndalama. Galu sagulitsidwa pamsika wa ziweto, koma katemera wake amateteza munthu, ndipo kubaya galu n'kotsika mtengo kwambiri kusiyana ndi jakisoni angapo amene munthu wolumidwa amafunika. Kuombera agalu mwachisawawa chiwewe chikabuka kumangoziziritsa mitima kwa masiku ochepa. WHO inanena kale kuti sikuthetsa nthendayi, ndipo nthawi zina kumapha agalu obayidwa kale, m'malo mwawo n'kubwera tiagalu tatsopano topanda katemera. Pa 28 Seputembala chaka chilichonse dziko lapansi limakumbukira nkhondo yolimbana ndi chiwewe, pa tsiku limene anamwalira Louis Pasteur, amene mu 1885 anapulumutsa mnyamata wolumidwa ndi galu wachiwewe pomubaya katemera woyamba. Maiko anagwirizana kuti pofika 2030 pasakhalenso munthu wofa ndi chiwewe chochokera kwa galu. Malawi sangafike pamenepo ndi zikondwerero za tsiku limodzi m'mizinda, midzi ya kutali isanafikiridwe.

Mbali ina ndi ya kuchuluka kwa tiagalu. Galu wamkazi amatha kutenga bere asanakwanitse chaka, ndipo amatha kuswa kawiri pachaka. N'chifukwa chake tiagalu tatikazi timakanidwa pogawana, ndipo tina timatayidwa kutchire kapena kumtsinje tili m'thumba, kawirikawiri ana akuona. Mwana amene waonerera zimenezo saiwala. Mabungwe a LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amafula agalu aamuna ndi kutseka aakazi kuti asaswenso, ndipo thandizo lotere liyenera kufika m'maboma onse. Banja limene lili pafupi ndi thandizoli lilibe chifukwa choweta galu woswa chaka ndi chaka ana amene palibe owafuna.

Munthu akalumidwa kapena kukalidwa, ngakhale ndi kagalu ka pakhomo, choyamba ndi kutsuka balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenaka kupita kuchipatala tsiku lomwelo. Kuwotcha ubweya wa galuyo n'kupaka pabala, monga ena amachitira, sikupha kachilombo. Mwana aliyense amene ali ndi kagalu azidziwa zimenezi, ndipo azidziwanso kuti akanena sakwapulidwa.

Inu makolo amene pakhomo panu pali kagalu lero, musakasiyire ana okha. Kalekeni kayamwe mpaka masabata 8, kalekeni kasewere ndi anthu, ndipo musakamange pa tcheni. Sabata ino funsani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu za mankhwala a njoka zam'mimba ndi tsiku la katemera wa chiwewe, ndipo tsikulo likafika mupite nako inuyo pamodzi ndi mwana amene amakasamala.